Amafufuzanji ku Zomba, nanga ife a ku Mwanza zikutikhudza pati?

Lero sindikamba za mayeso kapena za malipiro, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu ndi zomwe mumadikira. Ndikufuna ndikambe za anthu amene ambiri a ife sitinaonanepo nawo maso ndi maso, aphunzitsi a psychology a kuyunivesite, komanso za mafunso amene iwo amasankha kufufuza.

Wina afunsa kuti kodi zimenezo zikumukhudza pati mphunzitsi wa kusekondale wa ku Mwanza, kuno kumalire kumene anthu amangotidziwira manachesi ndi mzere wa mathiraki opita ku Zobue. Zikutikhudza chifukwa mphunzitsi wa kuyunivesite ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kuphunzitsa, monga ifeyo. Yachiwiri ndi kusankha funso limodzi kapena awiri n'kukhala nalo zaka zambiri, kuyenda nalo kwa anthu, kuwerengera mayankho ndi kulemba zomwe wapeza. Funso limene iye wasankha ndi limene limadzapeza yankho. Limene walisiya limatsala m'manja mwathu, ife oyankha mongoganizira, mwana wa eni ake ataima patsogolo pathu akulira.

Tonse amene tinapita ku koleji ya zauphunzitsi tinalawako psychology. Tinaloweza za agalu a Pavlov amene ankachucha dovu chakudya chisanafike, za nkhunda ndi makoswe a Skinner, za ana a ku Geneva amene a Jean Piaget ankawathirira madzi m'matambula aatali ndi aafupi, ndi za makwerero a Maslow amene amayambira pa mimba. Sindikunena kuti n'zachabe ayi. Za Maslow ndimaziona ndi maso anga chaka chilichonse mu Febuluwale, piriyodi yomaliza ikamakwana, ana mitu ili pa desiki. Koma mabuku amenewo akamati "munthu amachita chakuti", munthu wake ndi uti? Mu 2008 katswiri wina wa ku America, a Jeffrey Arnett, anawerenga anthu amene anafunsidwa m'kafukufuku wotuluka m'magazini akuluakulu a psychology, ndipo anapeza kuti 68 pa 100 alionse anali a ku America komweko. Mu 2010 a Joseph Henrich ndi anzawo awiri anakumbutsa dziko kuti 96 pa 100 anali ochokera m'maiko olemera a azungu, maiko amene muli anthu 12 okha pa 100 alionse a padziko lapansi. Ambiri mwa ofunsidwawo anali ophunzira a m'mayunivesite. Ndiye kuti "munthu" wa m'buku nthawi zambiri ndi mnyamata kapena mtsikana wa ku America wa zaka 19, osati mwana wa fomu 2 amene wayenda makilomita 7 kuchokera kumudzi osadya kanthu.

N'chifukwa chake ndimalemekeza kwambiri ntchito imene inachitika ku Chancellor College ku Zomba, imene kuyambira 2021 ikutchedwa University of Malawi ngakhale ambiri timangoti Chanco. M'zaka za m'ma 1980 kunali a Karl Peltzer amene anakhala pansi ndi asing'anga kufuna kumvetsa momwe amathandizira anthu ovutika maganizo, n'kutulutsa buku mu 1987. Kenako, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, dipatimenti ya psychology inali ndi a Alastair Ager, a Malcolm MacLachlan ndi a Stuart Carr. Onsewa anali alendo, ndipo ankagwira ntchito ndi Amalawi, aphunzitsi ndi ophunzira omwe. Kumbukirani nyengo yake. Edzi inali itayamba kutha anthu. Othawa nkhondo a ku Mozambique anali atakwana miliyoni m'dziko muno. Kalata ya maepiskopi inawerengedwa mu Malichi 1992, riferendamu inachitika mu Juni 1993, ndipo mu Meyi 1994 boma linasintha. Anthuwa akanatha kumangobwereza zoyesa za ku America pogwiritsa ntchito ana a pa Chanco. M'malo mwake anayang'ana pazenera n'kufunsa zomwe zinali panjapo. Paja akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Funso loyamba limene limandigwira mtima ndi la chipatala ndi sing'anga. M'mabuku muli chiphunzitso chotchuka cha a Leon Festinger cha mu 1957, chakuti munthu akakhala ndi zikhulupiriro ziwiri zotsutsana mumtima mwake sapeza mtendere mpaka atataya chimodzi kapena atachipinda kuti chigwirizane ndi chinzake. A MacLachlan, a Carr ndi anzawo anafunsa Amalawi za malungo, likodzo ndi khunyu, zomwe zimayambitsa matendawa komanso komwe munthu ayenera kupita akadwala. Anapeza kuti anthu ambiri amasunga zonse ziwiri popanda kuvutika nazo mumtima. Munthu yemweyo amavomereza kuti malungo amabwera ndi udzudzu, amavomerezanso kuti pakhoza kukhala dzanja la munthu, ndipo kukhulupirira kwambiri mbali imodzi sikutanthauza kuti inayo waitaya. Analemba zimenezi mu 1994, n'kunena kuti apa tisamayankhule za kulimbana kwa maganizo koma za kulolerana kwake.

Inu aphunzitsi a Biology mukudziwa zomwe ndikunena. Mwana amajambula bwinobwino ulendo wa kachilombo ka malungo kuchoka mu udzudzu kupita m'chiwindi, amapeza malikisi onse, Loweruka mumupeza ali ndi mphini zatsopano pachifuwa. Enafe timapsa mtima n'kumati sayansi sinalowe. Inalowa ndithu. Kungoti kwa iye ndi kwa makolo ake chipatala chimayankha kuti matenda alowa bwanji, pamene kwinako kumayankha kuti n'chifukwa chiyani agwira iyeyo osati mnzake wogona naye mphasa imodzi. Mafunso awiri osiyana, ndiye mayankho ake sakumana n'komwe kuti amenyane.

Zimenezi zimandithandiza kwambiri ndikakhala ndi kholo la mwana wa khunyu. Sinditaya nthawi kuti ndiwagonjetse pa mtsutso wa ufiti, chifukwa mtsutso umenewo sutha ndipo kholo limachoka litakwiya. Ndimangopempha chinthu chimodzi: "Amayi, kulikonse kumene mupite, mankhwala a kuchipatala asadukize ngakhale tsiku limodzi, ndipo mwanayu asamawothe moto kapena kukasamba kumtsinje ali yekha." Pamenepo amavomera mosavuta, chifukwa sindinawalande kanthu. Nzeru yaing'ono imeneyi inachokera kwa anthu amene anasankha kufunsa Amalawi m'malo mongowalembera kuti ndi osadziwa.

Funso lachiwiri ndi limene ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi lathu lenileni la m'sukulu. Mu 1995 a MacLachlan, a Dixie Maluwa Banda ndi a Eilish McAuliffe anafalitsa kafukufuku wa zomwe zinachitika pa sekondale ina ya atsikana ya Katolika m'dziko muno, pamene ophunzira 110 anagwidwa ndi vuto limodzi: kukuwa, kuseka kosalekeza, kulira mokweza, kugwa pansi n'kumagubuduka, kuyankhula zosamveka. Olembawo sananene kuti atsikanawo ankanamizira, ndipo sananene kuti analodzedwa. Anaziona ngati kuvutika kwa maganizo kumene kumafala pagulu, ndipo anazilumikiza ndi kusintha kwa zinthu kumene dziko linkadutsamo nthawi imeneyo.

Mphunzitsi aliyense amene wakhalitsa pa sukulu yogonera pompo anazionapo kapena anazimvapo. Ine ndinaziona pa sukulu ina imene ndinkaphunzitsa kale, dzina lake tilisiye. Inali teremu yachitatu, mayeso atayandikira, chakudya cha kuhositelo chitachepa chifukwa ambiri anali asanamalize fizi. Usiku wina pa nthawi ya sitade mtsikana wa fomu 2 anakuwa n'kugwa. Anzake anamuzinga, ena akulira, ena akupemphera mokweza. Kutacha anagwa ena awiri a m'chipinda chomwecho. Pofika Lachisanu anali opitirira khumi, ndipo aliyense ankagwa mofanana ndi woyamba uja, mpaka kagwedezedwe ka manja komwe. Achipatala anabwera, anayeza malungo, anapeza awiri okha. Abusa anabweranso n'kupemphera. Makolo anayamba kufika pa njinga kudzatenga ana awo.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si kugwako. Anthu akaona zotere amafuna dzina la munthu, ndipo dzina linapezeka. Panali gogo wina amene ankagulitsa zitumbuwa pa geti kwa zaka zambiri, wamasiye, wosayankhulayankhula. Mtsikana mmodzi ananena kuti anamulota, ndipo pofika madzulo nkhani inali itazungulira midzi itatu. Ahedi ndi amfumu anayesetsa kuziziritsa mitima, anakumbutsa anthu kuti lamulo la 1911 linaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mwamwayi palibe amene anamugwira. Koma gogoyo sanabwerenso pa geti paja. Kabizinesi kamene kankadyetsa zidzukulu zake kanathera pomwepo, ndipo anasamukira kwa mwana wake kutali. Atsikana aja anachira onse, analemba mayeso, ena lero ndi manesi.

Zoterezi sizinayambire kwathu kuno. Pa 30 Januwale 1962, pa sukulu ya mishoni ya atsikana ku Kashasha, pafupi ndi Bukoba ku Tanganyika, atsikana atatu anayamba kuseka osaleka. Vutoli linagwira ophunzira 95 mwa 159, ndipo mu Malichi sukulu inatsekedwa. Atsikanawo atabwerera kwawo linafalikira kumidzi ndi kusukulu zina. Zachitikanso m'mafakitale ndi m'sukulu za ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Zomwe akatswiri anaphunzira pa zonsezi n'zosavuta kumva. Kuvutikako ndi kwenikweni, mwana sakuchita sewero, ndiye kumukwapula kapena kumunyoza kumangoonjezera. Kumafala kudzera m'maso ndi m'makutu, pakati pa anthu ogwirizana kwambiri amene ali pa mpanipani umodzi. Choncho woyamba kugwa amafunika kumuchotsa pagulu mwakachetechete, achipatala amuyeze kuti tisaphonye malungo kapena khunyu lenileni, anthu oonerera abalalike, ndipo akuluakulu ayankhule mofatsa ndi mawu amodzi. Kenako pafunsidwe funso lenileni, loti chikuwapanikiza ana amenewa n'chiyani. Ndi njala, mantha a mayeso, malamulo okhwima a kuhositelo, kapena pali munthu wamkulu amene akuwachita zoipa koma akuopa kunena?

Zonsezi zikhoza kukwana pa pepala limodzi lopachika mu ofesi ya amatroni. Likanakhalapo pa sukulu paja, mwina gogo uja bwenzi akugulitsabe zitumbuwa zake. Ndipo musaganize kuti mantha ofala chonchi ndi a atsikana okha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mpaka ku Blantyre, anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Amene ankaponya miyalawo anali akuluakulu andevu zawo.

Funso lachitatu ndi la nsanje, ndipo apa ndimagwirizana nawo theka lokha. A Carr ndi a MacLachlan, pamodzi ndi anzawo a ku Malawi, anafufuza zomwe zimamuchitikira munthu akachita bwino pa ntchito. Anafanizira ndi mphamvu imene imakokera zinthu pansi. Anati munthu wokwera akhoza kukokedwa miyendo ndi anzake, akhozanso kuponderezedwa ndi abwana ake, ndipo Amalawi amene anafunsidwa ankayembekezera zimenezi kwambiri. Pepala lina la 1994 linafika ponena pa mutu pake penipeni kuti m'Chichewa mulibe mawu oyamikira munthu amene wapambana.

Kuti kukokana miyendo kulipo, palibe mphunzitsi angakane. Ndawaona ana anzeru akubisa mapepala awo tikangowagawira, kuopa kunenedwa kuti akudzimva. Ndamuona mtsikana amene anali nambala wani mu fomu 1 akuleka dala kukweza dzanja mu fomu 2, chifukwa anyamata ankamuimba nyimbo panjira. Ndamva kholo likundipempha kuti dzina la mwana wake lisatchulidwe pa tsiku lotsekera sukulu, "anthu angamuone." Ngakhale nyimbo yathu ya fuko imaika nsanje pa mndandanda wa adani a dziko. Kuchokera pa zimenezi ndinaphunzira kuyamikira ana ena pambali, ndi cholembera chofiira m'kope mwawo, osati pamaso pa kalasi yonse.

Koma zoti tilibe mawu oyamikira, pamenepo kalumo ka mlendo kanameta mopitirira. Amene analemba zimenezo akanabwera kumudzi tsiku limene mwana wasankhidwa kupita kuyunivesite akanamva nthungululu kuchokera kutsidya la mtsinje. Akanaona azakhali akuvina fumbi lili koboo, agogo akuti "wativeka", ena akuti "watichotsa manyazi". Kuyamikira kwathu kulipo, kungoti kumanena "ife" osati "iwe". Ndipo ndikuganiza kuti pomwepo ndi pamene pali funso lozama kuposa la nsanje. Mwana amene wapambana amanyamula mudzi wonse pamsana. Fizi ya abale ake, feteleza wa amalume, bokosi la maliro, zonse zimamudikira iye asanalandire n'komwe malipiro oyamba. Ena amene timati akumukokera pansi akungomukumbutsa ngongole. Nanga mtolo umenewu umachita chiyani m'mutu mwa mnyamata wa zaka 18 amene akudziwa kuti akalephera MSCE walephera m'malo mwa anthu khumi ndi awiri? Limeneli ndi funso loti Mmalawi alifufuze, amene anakulira pansi pa mtolo womwewo.

Za malipiro ndinalonjeza kuti sindikamba, koma ndingodutsapo chifukwa nazonso anazifufuza. Mu 1998 a Carr, a Rose Chipande ndi a MacLachlan analemba za kusiyana kwa malipiro pakati pa aphunzitsi akunja ndi a konkuno ogwira ntchito imodzi pa yunivesite. Anati kusiyanako kumafooketsa onse awiri. Wolandira zochepa amaona kuti palibe chilungamo ndipo amabweza moto, wolandira zambiri amadzimva wolakwa kenako amayamba kudzitonthoza kuti mwina iyeyo ndi wodziwadi kuposa anzakewo. Kafukufuku wotsatira wa 2010, amene anachitika m'maiko 6 kuphatikizapo Malawi, anapeza kuti akunja ankalandira pafupifupi kanayi kuposa eni dziko. Amene munakhalapo mu sitafurumu imene awiri okha ndi amene amapita kumawekishopu a alawansi, simufunika kumasuliridwa.

Ndisapereke chithunzi chakuti zonse anachita ndi alendo. A Maluwa Banda aja, katswiri wa psychology ya maphunziro, mu 1998 anafalitsa kafukufuku wa aphunzitsi opereka uphungu m'masekondale a dziko lino. Anapeza kuti anali aphunzitsi a m'kalasi a tsiku ndi tsiku amene anangopatsidwa udindowo popanda maphunziro apadera a uphungu. Werengani chiganizo chimenecho kawiri, kenako yang'anani pa sukulu panu lero muone ngati chasintha kwambiri. Kwa ambiri a ife mphungu ndi mphunzitsi wa Life Skills, kapena mayi aliyense wa mu sitafu amene ana amamuona kuti ndi wachifundo, ndipo ofesi yake ndi pansi pa mtengo wa mango pa nthawi ya buleki.

Palinso a Chiwoza Bandawe, amene aphunzitsa zaka zambiri ku College of Medicine ku Blantyre, imene mu 2021 inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences. Mu 1996 iwo ndi a Don Foster a ku University of Cape Town anafalitsa kafukufuku wa zomwe ophunzira a masekondale atatu a m'Malawi ankakhulupirira ndi kulingalira pa nkhani ya Edzi. Mu 2010 anatulutsa buku lotchedwa Practical uMunthu Psychology, loyesa kumanga psychology pa maziko a umunthu wathu, pamene munthu samuyeza payekha koma pakati pa anzake. Chimene ndimawatamira kwambiri n'chakuti kwa zaka zambiri analemba m'nyuzipepala ya Weekend Nation nkhani zoti munthu wamba awerenge. Ine ndinali ndi chikwatu cha zodula za nkhani zimenezo, ndipo zina ndinaziwerenga ndi ana m'kalasi mpaka mapepala anathetheka.

Ndatchula nyuzipepala dala, chifukwa vuto lalikulu lili pamenepo. Pafupifupi zonse zimene ndafotokozazi zinasindikizidwa m'magazini a akatswiri a ku London, ku New Delhi ndi kwina, m'Chingerezi cholimba, ndipo zambiri kuti uwerenge pa intaneti amafuna madola. Mayankho anachokera m'kamwa mwa ana a sukulu ndi amayi a kumudzi a dziko lino, koma anakwera ndege osabwerera. Sindikuloza chala munthu. Mphunzitsi wa kuyunivesite amakwezedwa pa ntchito chifukwa cha mapepala otuluka m'magazini amenewo, osati chifukwa cha kapepala ka Chichewa kopachikidwa ku Thambani. Umu ndi momwe mayunivesite a dziko lonse lapansi amayendera. Komanso kafukufuku amafuna galimoto, mafuta ndi owerengera, ndipo amene wapereka ndalama amakhala ndi mawu pa funso. M'zaka zimene ndalama zambiri zinali za Edzi, mafunso ambiri analinso a Edzi. Zinali zoyenera, anthu ankafa, ndipo panatuluka zabwino ngati masewera a pabolodi ophunzitsira ana a sekondale za matendawa amene a MacLachlan, a Moira Chimombo ndi mnzawo wina analemba za iwo mu 1997. Koma mafunso amene alibe wowalipirira amadikira, ndipo ambiri mwa iwo ali m'maboma ang'onoang'ono ngati lathuli, ngakhale kuchoka ku Blantyre kufika pa boma pano ndi makilomita pafupifupi 100 okha pa tala.

Mwanza ali ndi mafunso ake, ndipo ndikakhala ndi mwana wa fomu 4 amene akufuna kukaphunzira psychology ndimamuuza kuti anyamule limodzi popita. Makolo amafunsa kuti "akadzagwira ntchito yanji, yowerenga maganizo a anthu?" Ndimawayankha kuti ntchito ilipo, m'zipatala, m'mabungwe, m'makampani ndi m'sukulu momwe, koma kwa mwanayo ndimaonjezera kuti akafika chaka chomaliza adzamuuza kuti asankhe mutu wa kafukufuku wake, ndipo asadzaiwale kwawo.

Tengani za nkhondo. A Ager ndi anzawo anafufuza moyo wa othawa nkhondo a ku Mozambique m'Malawi muno, ndipo mu 1995 analemba za momwe zokumana nazo za amayi zinkasiyanirana ndi za abambo. Boma lino, pamene Neno inali isanapatuke mu 2003, linasunga anthu amenewa ochuluka zedi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 ambiri anabwerera, koma ena anakwatira kuno n'kukhazikika. Amene anali ana nthawi imeneyo, amene anaona midzi ikupsa n'kuyenda usiku m'tchire, lero ndi makolo ndi agogo a ana amene ndimawaphunzitsa. Kodi zomwe anaonazo zimatuluka bwanji m'kaleredwe kawo? Kenako mu 2015 ndi 2016 anthu pafupifupi 10,000 anathawiranso pa mudzi wa Kapise m'boma lomwe lino, ambiri ochokera m'chigawo cha Tete, asanayambe kusamutsidwira ku Luwani. Ana awo ena anakhala m'makalasi a m'dera lino. Zoti mantha amayenda bwanji kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, apa pali malo oti munthu azifufuze popanda kukwera ndege.

Tengani za boda. Mnyamata wa fomu 3 amaona mnzake amene anasiya sukulu mu fomu 1 akusintha makwacha ndi mametikali pa chipata, kapena akuyendetsa kabaza wa njinga yamoto, madzulo ali ndi ndalama m'thumba kuposa zimene aphunzitsi ake amagwira pa sabata. Ine ndikaima kutsogolo n'kumati sukulu ndi tsogolo, iye akuwerengera masamu ena m'mutu, ndipo masamu akewo si opusa. Mabuku a psychology ali ndi zambiri zokhudza kudikira mphoto yaikulu ya mawa m'malo motenga yaing'ono ya lero, koma analembedwa kumene mphoto ya mawayo imabweradi. Kuno mwana amadziwa mayina a achimwene ake amene ali ndi MSCE yabwino koma ali pakhomo. Onjezerani za kubetcha mpira pa foni, zimene zalowa ngati moto wa m'chilimwe pakati pa anyamata athu. Pamenepa nkhunda za Skinner zija zikugwira ntchito ndithu, chifukwa mphoto yobwera mwa apo ndi apo ndi imene imamanga munthu kolimba.

Ndipo tengani za ku Joni. Mabasi opita ku Johannesburg amadutsa pakhomo pathu penipeni, ndipo pa chipata chomwechi ndi pamene anabwerera anthu athu othawa zipolowe zodana ndi alendo mu 2008 ndi mu 2015, komanso obwerera nthawi ya Covid mu 2020. M'kalasi langa la fomu 2 ndikafunsa kuti ndi angati amene bambo kapena mayi awo ali ku South Africa, manja amakwera ambiri ndithu. Ana amenewa amakhala ndi agogo kapena azakhali. Ena ali ndi nsapato zabwino ndi foni kuposa anzawo onse, fizi imafika pa nthawi yake, ndipo pa kaundula wa sukulu sawerengedwa m'gulu la ovutika chifukwa si amasiye. Amaleredwa pa WhatsApp. Kholo limakalipa ndi voisi noti, limaona lipoti la sukulu pa chithunzi, limalonjeza kubwera pa Khirisimasi imene imasunthirasunthira kutsogolo chifukwa mapepala sali bwino. Mtsikana wina anandiuza kuti mayi ake anachoka iye ali sitandade 3, ndipo pamene anatha msinkhu anauza aneba. Mnyamata wina amapeza bwino m'maphunziro onse, koma wailesi ikangonena kuti ku Durban kwayamba zipolowe, sabata imeneyo salemba kanthu, amangokhala foni ili m'manja pansi pa desiki. Malamulo a sukulu amati ndimulande foniyo. Ndimamuuza kuti aisiye pa tebulo langa, ikalira ndimuitana.